Kuika ma hand control pa motoka: alipo anachitapo kuno ku Chipata?

Mphunzitsi_waku_Katete

Muli bwanji nonse abale. Ndakhala ndikungowerenga chabe muno osalembako kanthu koma lero ndati ndifunse chifukwa nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ine ndine mphunzitsi, ndikhala ku Katete. Zaka ziwiri zapitazo ndinachita ngozi ya honda pochokera ku Sinda chakumadzulo, ng'ombe inangotulukira mu msewu ine osaiona, ndinakadzidzimukira ku chipatala. Msana unathyoka, kuyambira m'chiuno kutsika miyendo sigwira ntchito, ndiyenda pa wilicheya. Manja okha ali bwinobwino mwinanso kuposa kale chifukwa chokankha matayala tsiku ndi tsiku kkkk

Tsopano nkhani ndi iyi. Ndili ndi Corolla ya manyuwo yomwe ndinali kuyendetsa ndisanavulale, ili chikhalire pa bwalo mpaka nkhuku zayamba kuikira pansi pake. Kuntchito ndinabwerera koma mayendedwe ndiye akundimaliza, theka la malipiro lithera ma taxi, ndipo ndikafuna kubwera ku Chipata pa minibasi ndiye manyazi enieni, anyamata akunyamula ngati thumba la chimanga wina kumiyendo wina kumapewa, kenaka kondakitala ati wilicheya nayo ilipire ngati katundu. Mlamu wanga amandiyendetsako nthawi zina koma naye ali ndi munda wake wa fodya sindingamamuchotse ku ntchito tsiku lililonse.

Ndinaona pa YouTube anthu opanda miyendo akuyendetsa ndi manja okha, pali kachitsulo kotchedwa hand control pambali pa sitelingi akakoka motoka ipita akakankha iima. Ndinaonetsa mnyamata wina owotcherera pafupi ndi pa msika, anangoyang'ana kamodzi nkuti aphunzitsi izi nzing'onozing'ono bweretsani motoka Loweruka pofika madzulo muzipita nayo. Amayi kunyumba akana kwamtuwagalu, ati munapulumuka kamodzi mufuna mukamalizike ndi zitsulo za pa msika. Ndiye ndifunse: alipo muno anaikitsapo zimenezi kapena adziwa wina? Zitheka pa manyuwo? Zowotcherera kuno zingadalirike kapena mpaka zoitanitsa kunja? Nanga a RTSA, bungwe lopereka malaisensi oyendetsera motoka, amati bwanji, laisensi yanga yakale ija igwirabe ntchito? Thandizeni chonde.

Kapata_Boyz

Pepani aphunzitsi ndi zomwe zinakuchitikirani. Koma ine ndione ngati amayi akunena zoona, misewu yathu ino ndi ma honda ndi njinga zili mbwee mu tauni muno ngakhale ife a miyendo iwiri tivutika, bwanji osangopeza kamnyamata kodziwa kuyendetsa muzikapatsako kangachepe pa mwezi. Zinazi nza azungu izi.

Mdala_wa_Vitz

Iwe Kapata_Boyz khala chete pang'ono akulu alankhule. Za azungu zotani, ine wakuda bii ngati makala ndayendetsa ndi manja zaka zoposa khumi kuno ku Chipata konkuno, mwina unandipitirirapo pa Shoprite osadziwa kuti mdala uyu miyendo yake ingolendewera. Ndipo kamnyamata ukunenako ndinakayesapo, mafuta kutha osadziwa kwapita, Lamlungu kalibe, ukadwala usiku foni yake yazima.

Aphunzitsi, ine yanga ndi poliyo ya ku ubwana, sindinapondepo buleki ndi phazi chibadwire, ndiye zomwe ndikuuzeni nzomwe ndapitamo. Choyamba Corolla ya manyuwoyo igulitseni, musaimvere chisoni. Manja muli nawo awiri chabe, lina lili pa sitelingi lina pa hand control, tsopano kalachi ndi giya mugwira ndi chani, mano? Zilipo zipangizo za kalachi ya pa manja kunja uko koma nzodula kwambiri ndipo zikawonongeka kuno mudzasowa okonza. Pezani otomatiki basi nkhani yatha.

Chachiwiri pogula otomatikiyo muyang'ane handibuleki. Ambiri saganizira izi. Motoka zambiri za ku Japan monga Noah handibuleki yake ndi yoponda ndi phazi lakumanzere, ili pansi apo pomwe pakhala kalachi. Mnzanga wina anagula yotere atakopeka ndi kukula kwake kuti wilicheya izilowa bwino, motoka itafika ndiye anazindikira kuti sangaimange pa mtunda, anayamba kuyenda ndi mwala mu motoka. Vitz yanga ndi yokoka ndi dzanja pakati pa mipando, Fit yakale nayonso chimodzimodzi. Muonenso kutalika kwa mpando, ukhale wofanana ndi wilicheya yanu kuti muzingotsetsereka, motoka zazitali zija muzavutika kukwera nokha ndipo mapewa adzatha msanga.

Kagwiridwe kake nkosavuta. Yanga ndi ndodo yachitsulo yomangidwa pansi kumanzere kwa mwendo wanga, pafupi ndi giya. Ndikakankhira kutsogolo ndi buleki, ndikakokera kwa ine ndi moto. Ndipo musalole munthu akupangireni mosemphanitsa, pali chifukwa chake: motoka ikamaima mwadzidzidzi thupi lako limaponyedwa kutsogolo, ndiye kulemera kwako konse kumapita pa buleki komweko, uwonjezera kuima. Zikakhala kuti kukankha ndiye moto, tsiku lomwe mwana wadumphira mu msewu thupi lako lomwe lidzaponda moto. Dzanja lamanja ligwira kachubu komangidwa pa sitelingi, kaja muona pa mathirakitala, kuti uzizungulitsa ndi dzanja limodzi osasiya.

Pali kanthu kena kakang'ono koma kofunika zedi, loko ya buleki. Otomatiki siilola kuchotsa giya pa P usanaponde buleki, tsono dzanja lomwe likankha buleki ndi lomwelo lifunika kusintha giya. Pa ndodo yanga pali kabatani, ndikankha buleki nkutsekera, ndisiya, ndiika D, ndibwerera pa ndodo nkumasula. Imathandizanso pa mzere wautali ngati pa boda ya Mwami, dzanja lipumako. Pamutu pa ndodo yomweyo palinso ka switch ka ma indicator ndi hutala chifukwa pokhota manja onse ali pa ntchito.

Tsopano za owotcherera wanuyo. Ine ndinayamba ndi zowotcherera, sindinama, ndalama kunalibe. Mnyamata anatenga paipi ya mpando wa ku sukulu ndi ka ayironi ka mawindo, kumapeto anapinda ngati mbedza nkukoleka pa buleki, pamwamba anamangirira ku pulasitiki ya pansi pa sitelingi ndi ma screw awiri. Miyezi itatu zinayenda bwino ine kunyada tauni yonse. Tsiku lina ndikutsika kuchokera chakumtunda ku Kanjala, kutsogolo kuli hampu ndipo mayi wina wa njinga atanyamula matomato, ndinakankha ndodo ija inangopita yopanda kulemera kulikonse ngati ukuvundula madzi, mbedza ija inali itavuka pa buleki. Chomwe chinandipulumutsa ndi handibuleki, ndinakoka pang'onopang'ono uku ndikukhotera mu ngalande, bampala yonse kuphwanyika. Mayi uja sanadziwe nkomwe kuti imfa inamudutsa pa msana. Ndinakhala mu motoka muja kanthawi manja akunjenjemera, ndikuyang'ana kachitsulo kali gone pa mphasa. Kuchoka apo ndinasonkha ndalama chaka chathunthu, mwana wa mlongo wanga yemwe agwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira ya ku fakitale pa basi, ndi yomwe ndili nayo mpaka lero, ndasintha motoka kawiri iyo ndingosamutsa.

Mukazaika musathamangire mu msewu. Inu vuto lanu ndi losiyana ndi langa, mutu wanu unazolowera kuti zikavuta phazi ndiye lithamanga, ndiye masiku oyamba ubongo uzatuma phazi lomwe silimva pomwe dzanja lili phee. Pitani pa bwalo la mpira la pa sukulu panu madzulo ana ataweruka, ikani zidebe, muziima nkunyamuka, kubwerera m'mbuyo, mpaka dzanja lizichita lokha musanaganize.

Makanika_wa_Down_Shops

Amdala mwanena zoona zambiri koma musatinyoze tonse owotcherera kkkk. Vuto si kuwotcherera, ngakhale ya ku Johannesburg ija anawotcherera munthu. Vuto ndi munthu wopanga chinthu chomwe sanachimvetse, waona ka video kamodzi basi ati Loweruka mudzatenge. Ameneyo mthaweni aphunzitsi. Ine ndamangapo ziwiri zobwera kale mu bokosi ndi pepala lake la malangizo, iliyonse inanditengera masiku awiri chifukwa bulaketi imafuna kuisula kuti igwirizane ndi motoka yake, sizikhala zofanana Vitz ndi Allion.

Aliyense amene akakumangireni, kaya ndi ine kaya wa ku Lusaka, muonetsetse izi muli pompo osatuma mwana. Bulaketi igwire pa chitsulo chenicheni cha motoka, mabauti omwe agwira sitelingi kolamu kapena mabauti a mpando pansi, osati pa pulasitiki ya dashibodi ngati zinachitikira amdalazi. Pa buleki pasakhale zokoleka, pakhale kalampu yoluma mkono wa pedulo mbali zonse ndi mabauti awiri, ndipo polumikiza pakhale ka ball joint kuti chitsulo chizitsatira pedulo ikamatsika chifukwa pedulo siitsika mowongoka imayenda mokhota. Manati akhale aja a pulasitiki mkati osamasuka okha, misewu yathu ya fumbi ya mabampu ngati ya kumidzi ya ku Chadiza imamasula nati wamba mu sabata imodzi. Chitsulo cha buleki chikhale chonenepa choti mwamuna akankhe ndi mphamvu zonse osapindika, muyese injini ili chizimire, kankhani ngati mukukankha ngolo yatitimira, mukaona chikugonja pang'ono kanani.

Kenaka buleki ifike pansi penipeni ndodo isanagunde dashibodi kapena bondo lanu. Izi ndinazionapo pa motoka ina inabwera kwathu, bwinobwino imaima koma ukafuna buleki yadzidzidzi chogwirira chimagunda wailesi buleki isanathe. Ku moto nakonso, mukasiya ndodo pedulo ibwerere yokha msangamsanga, ikamachedwa kapena kukakamira ndiye kuti pena pakukhuzana, ndipo mphasa za pansi zija zopindikapindika chotsani. Pokankha buleki moto usapondeke nawo ngakhale pang'ono, mverani injini ngati ikukwera. Mapedulo asadulidwe, asiyeni momwe alili kuti amayi kapena ife amakanika tizitha kuyendetsa ndi miyendo, koma aliyense wolowa mumuuze asaseweretse ndodoyo, anyamata otsuka motoka ndiye oyamba.

Zija zotchipa za pa intaneti zomanga ndi manati a mapiko, ndodo ziwiri zongolendewera pa miyendo, anapangira munthu wobwereka motoka masiku awiri atatu. Za tsiku ndi tsiku ine sindingakulimbikitseni, zimamasuka.

China chomwe madalaivala a kuno tili nacho, kuzimitsa injini kapena kuika N potsetsereka ati tisunge mafuta. Inu musadzayese. Buleki imafewa chifukwa cha booster yomwe imadalira injini ikamalira, injini ikazima mwatsala ndi kuponda kuwiri katatu basi kenaka ilimba ngati mwala, wa phazi amaimirirapo ndi thupi lonse nanga inu ndi dzanja limodzi? Sitelingi nayo ilemera nthawi yomweyo. Ndipo mukadzapita ku Lusaka, mapiri aja a ku Manenekela mutawoloka Luangwa, tsitsani giya pa 2 kapena L injini izigwira motoka, mukadalira buleki yokha itentha nkusiya kugwira komanso dzanja lanu lidzatopa musanafike pansi.

Amake_Mapasa

Moni aphunzitsi. Azibambo akuuzani za zitsulo, ine ndikuuzeni za thupi chifukwa amuna anga ali ngati inu, anagwa pa denga akukhoma malata, ndipo ayendetsa chaka chachinayi tsopano. Inenso poyamba ndinakana ngati amayi akwanuwo, ndinabisa makiyi mu ufa sabata yathunthu kkkk, ndiye musawakwiyire, ndi mantha chabe, anakuonani muli gone pa bedi ya chipatala iwo ndiye anali kutembenuza.

Amdala aja miyendo yawo imamva, poliyo siichotsa kumva. Ya msana ndi ina. Amuna anga ulendo woyamba wautali tinapita ku maliro ku Petauke, pobwera ndikuwavula nsapato ndinapeza chithuza chachikulu pa kakolo, phazi linatsamira pa chitsulo chotentha pansi apo njira yonse iwo osamva kanthu. Chinatenga miyezi iwiri kupola. Ndiye muzivala nsapato ndi sokosi nthawi zonse, ndipo hita ya kumapazi ija nthawi ya Juni musamayatse. Mpando wa motoka nawo masana a Okutobala umawotcha, muziyamba mwaugwira ndi dzanja musanakhale.

Za zilonda za pa matako muzidziwa kale anakuuzani ku chipatala. Mpando wa motoka si khushoni ya wilicheya, ndiye muziika khushoni yanu ndipo pa ulendo wautali muziima pafupipafupi nkudzinyamula ndi manja magazi ayende. Kuchoka kuno kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ife timaima pa Katete, Petauke, Nyimba, pa Luangwa pogula nsomba, paliponse, anthu amadabwa koma chilonda chimodzi chikugonekani miyezi.

Nanga miyendo yanu imadumpha yokha nthawi zina? Ya amuna anga imatero makamaka motoka ikagunda bampu, mwendo umangowongoka wokha thwii. Tsiku lina phazi linalowa pansi pa buleki, akankha ndodo buleki siitsika, mwayi tinali pang'onopang'ono pa geti ya tchalitchi. Makanika anatiikira kachitsulo kotchinga kutsogolo kwa mapedulo kochotseka ndikafuna kuyendetsa ine. Chimenecho musaiwale. Komanso ngati m'mimba ndi msana mulibe mphamvu yokhala mowongoka, pokhota thupi limagwera kumbali, ndiye mufunse a physio, kwanu komweko ku chipatala cha St Francis alipo, akuoneni mmene mukhalira asanakuuzeni kuti mwakonzeka.

Chovuta chomwe palibe anatiuza ndi wilicheya. Kuyendetsa anaphunzira sabata ziwiri koma kulowetsa wilicheya okha zinatenga miyezi. Amakhala pa mpando, nkugoneka mpandowo chagada, nkuchotsa matayala limodzilimodzi kuponya kumbuyo, kenaka chimango chidutsa pa chifuwa kupita mpando winawo. Nthawi ya dzinja malaya onse matope, amayenda ndi chitenje changa chakale chofunda pa chifuwa. Ngati yanu ndi zija zolemera za ku chipatala zosachoka matayala ndiye muzafunabe munthu woika ku buti.

Kapata_Boyz

Aaa ndagonja amdala pepani, sindinadziwe. Ndiye ndifunseko nane, atate anga anawadula mwendo wakumanja chifukwa cha shuga, wakumanzere uli bwino, Spacio yawo ndi otomatiki. Nawonso afunika ndodo yomweyi? Pano amayesa kupondera ndi wakumanzere mopingasa koma ine zimandiopsa

Mdala_wa_Vitz

Wakhululukidwa mphwanga. Atate ako safunika ndodo, ilipo pedulo ya moto yoika kumanzere kwa buleki, imalumikizidwa ndi yakale ija ndi kachitsulo kodutsa pansi, ndipo yakumanja amaitchinga. Zopingasa mwendozo awaletse lero lomwe, m'chiuno mumapotoka ndipo phazi limachedwa kufika pa buleki. Koma igulidwe yopindika kapena yochotseka, chifukwa iwe ukadzalowa kuyendetsa nkuiwala, udzaiponda poyesa kalachi motoka nkulowa m'nyumba. Ndipo poti ndi a shuga ayambe aonetsa phazi lotsalalo kwa dokotala ngati limamva bwino, shuga imapha mitsempha ya kumapazi, ngati nalonso layamba dzanzi ndiye bola ndodo yomweyo.

Kalaliki_Wopuma

Za mapepala sanakuyankheni bwino, ndiyesereko. Musayambe kuyendetsa mwakachetechete ndi laisensi yakale ngati palibe chasintha. Pitani ku ofesi ya RTSA ku Chipata konkuno mukawafotokozere, mutenge ndi kalata ya dokotala yonena kuti manja, maso ndi mutu zili bwino ndipo mungathe kuyendetsa motoka yosinthidwa, paja ngakhale laisensi wamba imayamba ndi fomu ya chipatala. Motoka ikamangidwa ipite ku fitinesi ili ndi zitsulo zakezo aione momwe ilili. A inshuwalansi nawonso muwalembere kalata kuti motoka ili ndi hand control ndipo musunge kope yodindidwa, chifukwa anthu amenewa tsiku la ngozi amafufuza pothawira, akadzapeza chitsulo chomwe simunawauze adzati nchomwe chachititsa ngakhale wolakwa ndi winayo.

Ngati simunalembetse ku ZAPD, bungwe la boma loona za anthu olemala, kalembetseni mutenge khadi. Bungweli lili pansi pa lamulo la anthu olemala la 2012, Persons with Disabilities Act, ndipo khadi limenelo ndi lomwe maofesi ambiri amayamba kufunsa. Mukaganiza zoitanitsa motoka kapena zipangizo kunja, yambani mwapita kwa iwo ndi ku ZRA kukamva za msonkho katundu asananyamuke, osati ali kale pa boda ya Nakonde akuwerengera masiku.

Ndipo poti mukugulitsa Corolla, ganiziraninso njira iyi: ku Japan ziliko motoka zakale zogulitsa zomangidwa kale hand control, anthu olemala kumeneko amayendetsa ambiri, ndipo sitelingi yawo ili kumanja ngati kuno ndiye palibe chosintha. Koma muonetsetse zithunzi bwinobwino. Toyota ili ndi mtundu womwe amautcha Welcab, zambiri mwa izo anapangira wokwera osati woyendetsa, mpando wozungulira wotulukira panja kapena kakhwerero ka wilicheya kumbuyo. Mnansi wanga anaitanitsa yotere poganiza kuti ayendetsa yekha, inafika ndi mpando wokongola wa apasenjala, ku dalaivala kulibe kalikonse. Pa chithunzi muone ndodo pambali pa giya ndi maso anu, ngati siioneka auzeni ajambulenso.

Chokhumudwitsa nchakuti maofesi ena omwe mukayendemo ndi a masitepe okhaokha, ine ndinaperekezapo munthu tinachita kuitanira bwana panja kudzasainira pa boneti. Mupite ndi munthu wamphamvu.

Makanika_wa_Down_Shops

Kuwonjezera pa za a Kalaliki, ikabwera ya ku Japan yomangidwa kale mubwere nayo tiione kaye, zimakhala zitamangidwira thupi la mwini wake wakale, ndodo mwina ili kutali kapena pafupi kwambiri ndi inu, timasuntha. Ndipo kachubu ka pa sitelingi kasamangidwe kotchinga pakati pomwe pamatulukira airbag.

Mphunzitsi_waku_Katete

Abale zikomo kwambiri, sindinayembekezere kuti mundiyankha motere. Usiku wathawu ndinawawerengera amayi zonse kuyambira pamwamba, pa nkhani ya mbedza ya amdala anangoti mwaona, ndimanena ine. Koma titafika pa Amake_Mapasa anakhala chete nthawi yaitali kenaka anafunsa kuti makiyi anabisa mu ufa wa mgaiwa kapena woyera kkkk. Ati ngati zili zoti a physio avomereze kaye ndiponso chitsulo chikhale cha ku fakitale iwo alibe mawu, koma ulendo woyamba sakwera, ayamba aonerera pa bwalo la mpira ali patali.

Za miyendo kudumpha zija ndi zoona imatero, makamaka m'mawa ndi kukazizira, sindinaganizeko nkomwe kuti phazi lingalowe pansi pa buleki. Wilicheya yanga ndi yolemera yosachoka matayala, ndiye apo pali ntchito ina, koma kusukulu ana a giredi 9 alipo ambiri oti nkuitsitsa ku buti, kunyumba kuli mwana wanga woyamba. Khadi la ZAPD ndili nalo kale ndinatenga chaka chatha.

Mnyamata owotcherera uja ndamuuza kuti za Loweruka zalephereka, wakhumudwa pang'ono koma ndamupatsa ntchito yokonza geti kuti ndizitha kutsegula ndili pa wilicheya. Corolla mlamu wanga wati aigula yekha akagulitsa fodya, tagwirizana kale mtengo, nkhuku zisake pena poikira.

Amdala a Vitz, Lachisanu likubwerali ndibwera ku Chipata ku chipatala, ndikamaliza cha m'ma 11. Ngati muli ndi mpata ndingakonde ndione ndodo yanuyo ndi maso, ndikhaleko pa mpando ndiyese kukankha motoka ili chiimire, ndione ngati ndingathe kusamuka ndekha kuchoka pa wilicheya. Ndakutumizirani uthenga ku inbox.

Mdala_wa_Vitz

Ndauona aphunzitsi, ndayankha. Mubwere ndi amayi, ndi khushoni yanu. Tikapeze malo afulati opanda ma honda, mukayese ndi kubwerera m'mbuyo komwe, mafuta ndithira ine.